Kiyi wa Osler: mbiri ya laibulale ya zachipatala ya ku Yale

Mumzinda wa Baltimore, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, dokotala wotchuka William Osler anachita chinthu chimene eni mabuku ambiri sangayerekeze n'komwe. Anadulitsa makiyi a nyumba yake n'kugawira madokotala achinyamata amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, kuti azilowa nthawi ina iliyonse, mwini wake alipo kaya wachokapo, n'kumawerenga mabuku ake. Amene anabwereketsapo buku lapamtima kenako n'kulilandira litathothoka chikuto, kapena osalionanso mpang'ono pomwe, akudziwa kukula kwa mtima umenewu. Mmodzi mwa anyamata amene analandira kiyi anali Harvey Cushing. Laibulale ya zachipatala ya yunivesite ya Yale, imene ili ku New Haven m'chigawo cha Connecticut, inayambira pa kiyi ameneyo, ngakhale kuti chitseko chake chinatsegulidwa patapita zaka pafupifupi 40.

Cushing anabadwa mu 1869 ku Cleveland, m'banja limene udokotala unali wakumtundu: bambo ake, agogo ake ndi agogo a bambo ake onse anali madokotala. Anamaliza maphunziro oyamba ku Yale mu 1891, udokotala anakautengera ku Harvard mu 1895, ndipo chaka chotsatira anapita kuchipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore kuja kukaphunzira opaleshoni m'manja mwa William Halsted. Kumeneko ndi kumene Osler anamupatsira nthenda yosachiritsika yokonda mabuku akale. Wolemba amene anamulowa kwambiri mumtima anali Andreas Vesalius, mphunzitsi wa ku Padua amene mu 1543 anasindikiza ku Basel buku lalikulu lofotokoza mmene thupi la munthu linapangidwira, De humani corporis fabrica. Vesalius ankatumbula yekha mitembo n'kulemba zimene maso ake aona, ngakhale zitsutsane ndi zimene akuluakulu akale monga Galen ananena. Cushing anatha moyo wake wonse akusakasaka buku lililonse la munthu ameneyu, kulikonse kumene lingapezeke.

Mabuku anali a usiku. Masana ankatsegula mitu ya anthu. Pamene ankayamba ntchitoyi, kuchotsa chotupa mu ubongo kunali ngati kutsanzikana ndi wodwala, chifukwa ambiri ankatsirizika pa tebulo pomwepo magazi atakana kuleka, ena n'kumwalira masiku otsatira bala litalowa tizilombo. Cushing analimbana ndi imfa zimenezi ndi kudekha. Opaleshoni imodzi inkatenga maola ambirimbiri, iye akupana kamtsempha kalikonse ndi tizitsulo tasiliva, wina akuyeza kuthamanga kwa magazi a wodwala ndi chipangizo chimene Cushing anakachiona ku Italy mu 1901. Pa 15 Epulo 1931, kuchipatala cha Peter Bent Brigham ku Boston, anachita opaleshoni ya chotupa cha nambala 2,000, ndipo pofika nthawiyi omwalira chifukwa cha opaleshoni anali osakwana mmodzi mwa khumi alionse. Kugwira naye ntchito kunali kowawa. Omuthandiza ankakalipiridwa pagulu, nthawi zina pa zinthu zimene sanalakwe. Koma odwala ake sankawataya, ndipo, monga tionere kutsogoloku, mpaka lero ali pafupi ndi mabuku ake.

Mu 1932 anapuma ntchito ku Boston ali ndi zaka 63, ndipo mu 1933 anabwerera ku Yale ngati pulofesa, atasenza mabuku masauzande. Munthu akamakula amayamba kulingalira za amene adzatsale ndi katundu wake. Mu Sepitembala 1934 anapita ku Montreal kumwambo wotsegulira malo ofufuzira matenda a ubongo, ndipo mumzinda umenewo, pa yunivesite ya McGill, ndi mmene mabuku a Osler, amene anamwalira mu 1919, anasungidwa pamodzi kuti ophunzira aziwagwiritsa ntchito. Atabwerako anauza anzake awiri zimene zinali kukhosi kwake: m'malo moti mabuku a aliyense adzamwazikane pamsika mwini wake atapita, bwanji atatuwo asonkhe pamodzi n'kupereka ku Yale?

Mnzake woyamba anali Arnold Klebs, dokotala wa chifuwa chachikulu wobadwira ku Switzerland, mwana wa Edwin Klebs amene dzina lake linaperekedwa kwa tizilombo totchedwa Klebsiella. Atagwira ntchito ku Chicago anabwerera kwawo n'kukhazikika ku Nyon, m'mbali mwa nyanja ya Geneva, kumene ankasanthula mabuku a sayansi ndi zachipatala osindikizidwa chisanafike chaka cha 1501, luso losindikiza lidakali lakhanda. Wachiwiri anali John Fulton, wamng'ono kwa anzakewo ndi zaka pafupifupi 30, pulofesa wa kagwiridwe ntchito ka ziwalo za thupi ku Yale komweko, amene ankasonkhanitsa zolemba za Robert Boyle ndi anzake a m'zaka za m'ma 1600. Zokonda zawo zinali zosiyana, n'chifukwa chake mabuku awo ataikidwa pamodzi anakwanirana bwino.

Yale sinathamangire kulandira mphatsoyo. Inali nthawi ya mavuto aakulu azachuma ku America, ndipo mabuku aulere amafunabe nyumba yomangidwa ndi ndalama. Zaka zisanu zinatha anthu akukambirana. Cushing sankafuna nyumba yoima payokha, kumene munthu amapitako kamodzi pachaka atatchena. Anakakamira zinthu ziwiri. Choyamba, laibulale ilumikizane ndi nyumba yaikulu ya sukulu ya udokotala, Sterling Hall of Medicine pa msewu wa Cedar, moti wophunzira akalowa pakhomo lalikulu angoyenda molunjika n'kufikamo. Chachiwiri, mabuku akale asakabisidwe kuseri, akhale moyandikana ndi magazini a sabata ino. Mnzake wa m'kalasi ya 1891, Grosvenor Atterbury, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anayankha ndi nyumba yooneka ngati chilembo cha Y, kapena tinene ngati mphanda: ukadutsa mukhonde umafika m'chipinda chozungulira, pamenepo njira n'kugawikana, nthambi ina ya mabuku akale, ina ya atsopano.

Mwini maganizo sanaione nyumbayo. Olemba mbiri yake amati mtima unamugwira atanyamula buku lolemera la Vesalius, ndipo anamwalira pa 7 Okutobala 1939, patangopita masiku ochepa atamva kuti ndalama zomangira zavomerezedwa. Laibulale inatsegulidwa mu Juni 1941, pamene anzake a m'kalasi anasonkhana kukondwerera zaka 50 chimalizireni sukulu, ndipo chipinda chozungulira chija anachipereka iwowo pokumbukira mnzawo. Klebs nkhondo inamutsekera ku Switzerland, kumene anamwalira mu 1943, mabuku ake n'kuwoloka nyanja nkhondo itatha. Mwa atatu aja anatsala Fulton yekha, munthu wa anzake ambiri komanso wosatopa kugogoda pamakomo. Mu Malichi 1942, iye ali chigonere m'chipatala cha New Haven, dokotala wake anamudandaulira za mayi wina, Anne Miller, amene magazi ake anali atalowa tizilombo ndipo ankangodikira imfa. Fulton ankadziwana ndi Howard Florey wa ku Oxford, mmodzi mwa amene ankapanga penisilini. Anaimba mafoni ali pabedi pomwepo mpaka mankhwala ochepa anapezeka, ndipo mayiyo anachira n'kukhala ndi moyo kufikira 1999.

Nthambi ya mabuku akale ikadali mmene inalili. Ndi chipinda chachitali cha denga lamatabwa, mashelefu kuzungulira pansi ndi pakhonde la m'mwamba, kumapeto kuli pokolezera moto. Fungo lake ndi la zikopa zakale ndi thabwa lopukutidwa. Aphunzitsi amabweretsamo makalasi awo, ndipo woyang'anira amatulutsa Vesalius n'kumugoneka pa zotsamira zofewa kuti msana wa buku usathyoke. Wophunzira amene m'mawa anali ndi mpeni m'chipinda cha mitembo amawerama n'kuona minofu yomwe ija itajambulidwa zaka zoposa 480 zapitazo, munthu wosendedwa khungu ataima chilili kutsogolo kwa mapiri ndi midzi ya ku Italy ngati wamoyo. Izi n'zimene Cushing ankamenyera.

Mbiri za mabungwe zimakonda kutchula opereka chuma n'kuiwala osesa pabwalo. Madeline Stanton anayamba ngati mlembi wa Cushing ku Boston, anasamuka naye kupita ku New Haven, ndipo bwana wake atamwalira ndi iye amene analongosola mabukuwo n'kuwasamala kwa zaka zambiri. Frederick Kilgour, amene anatsogolera laibulaleyi kuyambira 1948 mpaka 1965, ankavutika mtima ndi chinthu chimene ena ankachiona ngati chachizolowezi. Masiku amenewo buku lililonse linkakhala ndi makadi ake otayipidwa, osungidwa m'madirowa aataliatali, ndipo buku limodzi lomwelo likagulidwa ndi malaibulale 100, anthu 100 ankakhala pansi kutayipa khadi lofanana. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 Kilgour anagwirizana ndi malaibulale a zachipatala a Harvard ndi Columbia kuyesa kuika ndandanda ya mabuku pa kompyuta. Mu 1967 anapita ku Ohio kukayambitsa bungwe la OCLC, ndipo mu 1971 malaibulale anayamba kugawana ndandanda imodzi, imene lero ikutchedwa WorldCat. M'zaka za m'ma 1970 oyang'anira laibulale ya Yale anayambanso kutsagana ndi madokotala poyendera odwala m'mawodi, kumvetsera mafunso amene abuka pambali pa bedi, n'kubwerera kukasaka mayankho ake m'magazini.

Mu 1990 nyumbayo inakulitsidwa ndi mphatso ya Betsey Cushing Whitney, mwana wa Cushing, ndipo kuyambira pamenepo imatchedwa ndi mayina a bambo ake ndi mwamuna wake: Harvey Cushing/John Hay Whitney Medical Library.

Koma Cushing sanabweretse mabuku okha ku New Haven. Mu 1902, ali ku Johns Hopkins, kachidutswa kamene kanachotsedwa m'mutu mwa wodwala wake kanasowa m'chipinda choyezera. Anakwiya kwambiri, ndipo kuchokera tsiku limenelo chotupa chilichonse ankachisunga yekha m'botolo la mankhwala, pamodzi ndi mbiri ya wodwala ndi zithunzi zake. Wodwala akamwalira, ngakhale patapita zaka, ankapempha ubongo wake kuti aone pamene analakwitsa kapena pamene chotupa chinabwereranso. Zonsezi zinkadutsa m'manja mwa Louise Eisenhardt. Mayiyu anayamba mu 1915 ngati wothandiza kukonza zolemba za Cushing, kenako anakaphunzira udokotala ku Tufts n'kumaliza mu 1925, ndipo anakhala mmodzi mwa akatswiri oposa onse pozindikira mitundu ya zotupa za mu ubongo pa maikulosikopu. Ndi iye amene ankasunga chiwerengero cha ochira ndi omwalira. Ndi iyenso amene ankatsatira odwala chaka ndi chaka ndi makalata, kufunsa ngati maso akuona, ngati mutu unaleka, ngati anabwerera kuntchito. Anasamuka ndi mabotolowo kupita ku Yale, kumene madokotala achinyamata ankabwera kuchokera kutali kudzakhala pambali pake n'kuphunzira. Kuyambira 1944 mpaka 1965 analinso mkonzi woyamba wa Journal of Neurosurgery.

Eisenhardt atamwalira mu 1967, mabotolo anasowa mwini. Makina atsopano ounikira m'mutu anabwera, ndipo panalibenso amene ankaona phindu la ubongo wa m'botolo. Mu 1979 zonse zinatsitsidwa m'chipinda chapansi pa nyumba yogona ophunzira ya Harkness, chitseko n'kukhomedwa. Anthu akuluakulu anaiwala. Ophunzira okha ndi amene sanaiwale. Nkhani inkayenda m'makutu kuchoka ku kalasi ina kupita ku inzake kuti kunsi kwa zipinda zawo kuli ubongo wa anthu mazanamazana, ndipo m'zaka za m'ma 1990 unasanduka mwambo: usiku, ndi matochi, kukwawa m'mipata yafumbi, kutong'ola loko, kuima chete pakati pa mashelefu, kenako kusaina dzina pa pepala limene linapachikidwa momwemo. Palibe amene anawapatsa kiyi. Koma ndikaganiza za ana amenewa sindiwaona ngati othyola nyumba, chifukwa ndi iwo okha amene ankayendera odwala a Cushing pa zaka zonsezo. Mmodzi wa iwo, Christopher Wahl, anatengera nkhaniyi kwa Dennis Spencer, mkulu wa opaleshoni ya ubongo, n'kuilembera kafukufuku wake womalizira sukulu. Panapita zaka zina zoposa khumi ndalama ndi malo zisanapezeke, ndipo mu 2010 Cushing Center inatsegulidwa kunsi kwa laibulale yeniyeniyo.

Munthu amatsika masitepe n'kulowa m'chipinda cha kuwala kofatsa. Mabotolo pafupifupi 400 anandandalikidwa kuzungulira khoma, magetsi akuwalira kuseri kwake, madzi a mkatimo ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Pa botolo lililonse pali kapepala kakale ka dzina ndi nambala. Muli ubongo wa Leonard Wood, mkulu wa asilikali a America, amene Cushing anamuchotsa chotupa mu 1910 n'kuchira, koma anamwalira mu 1927 atachitidwa opaleshoni yachiwiri. Muli kachidutswa ka nyama kamene Ivan Pavlov, wasayansi wotchuka ndi kafukufuku wa pa agalu uja, anasainapo dzina lake mu 1929 ndi mpeni wamagetsi umene Cushing ankamuonetsa. Koma zimene zimagwira munthu pakhosi ndi zithunzi, zochokera pa magalasi ojambulira oposa 10,000. Mwana wa mutu wotupa wagwiriziridwa ndi dzanja la munthu wamkulu amene nkhope yake sikuoneka. Mayi watambasula manja pachifuwa kuti zala zake zokula mopitirira zioneke. Bambo wometedwa mpala watembenukira kumbali kuonetsa chipsera. Ambiri akuyang'ana kamera mwachindunji, osamwetulira, ngati munthu amene wayenda ulendo wautali ndipo akudikira kumva ngati pali chiyembekezo.

Kwathu kuno munthu amaikidwa m'manda wathunthu, ndipo kuona chiwalo cha munthu pa shelefu si chinthu chopepuka. Sichiyeneranso kupepuka kwa wina aliyense. Anthu amenewa anabwera kudzachira, ndipo malamulo opempha chilolezo cha wodwala pa nthawiyo sanali okhwima ngati a lero. Ine ndimaona kuti kuwatulutsa mumdima muja kunali koyenera, chifukwa luso lonse la opaleshoni ya ubongo linaphunziridwa pa mitu yawo, ndipo dokotala wachinyamata ayenera kuona nkhope za amene analipira mtengowo. Koma wolowamo atsitse mawu ngati akulowa pasiwa. Mtima womwewo ndi wofunikanso poona zithunzi zoposa 80 zimene laibulaleyi imasunga za odwala a Peter Parker, dokotala wa mishoni wophunzira ku Yale amene anatsegula chipatala ku Canton mu 1835. Wojambula wa ku China, Lam Qua, anawajambula ndi zotupa zawo zazikulu, koma sanawalande ulemu pankhope.

Zonsezi n'zakale, koma nyumbayi imakhala ndi chaka chake ngati munda. Chimayamba mu Ogasiti, kukutentha. Ophunzira atsopano amavekedwa makoti oyera a udokotala makolo awo akuonerera, ndipo m'masabata omwewo aliyense amalandira uthenga wochokera kwa munthu amene sakumudziwa, womuuza kuti ine ndine woyang'anira laibulale wanu, dzina langa ndi ili, mukasowa chilichonse mundifunse, ndipo ndikhala nanu mpaka mudzamalize. Dongosolo limeneli linayamba mu 1996, ndipo mayunivesite ena ambiri anatengera. Mwa ntchito zonse za laibulaleyi, imeneyi ndi imene ndimailemekeza kwambiri. Safunsa anadya phula, koma mwana amene wakhala nambala wani m'kalasi moyo wake wonse ndi amene amaopa kufunsa kuposa wina aliyense. Kupita pa tebulo la alendo n'kuvomera pamaso pa anzake kuti sadziwa kusaka nkhani mu PubMed, ndandanda ya pa intaneti ya kafukufuku wa zachipatala, kumamuchititsa manyazi. Kulembera munthu mmodzi amene anayamba ndi iye kupereka moni n'kosavuta.

Ku Yale thandizoli n'lofunika kwambiri chifukwa cha mmene sukuluyi imaphunzitsira. Kuyambira nthawi ya Milton Winternitz, amene anaitsogolera kuyambira 1920 mpaka 1935, ophunzira a zaka zoyambirira sapatsidwa magiredi kapena kuikidwa pa mndandanda wa woyamba ndi womaliza. Amatengedwa ngati anthu akuluakulu oti adzifunire okha nzeru. Komanso kuyambira 1839 palibe amene amalandira digiri ya udokotala osalemba kafukufuku wakewake. Munthu wopatsidwa ufulu wotere amafunika wina womulozera njira, ndipo oyang'anira laibulale amatha chaka chonse akuchita zimenezo: kuphunzitsa kusankha mawu osakira, kusiyanitsa kafukufuku wolimba ndi wogwedera, kusunga bwino manambala, kuitanitsa kuchokera kumalaibulale ena nkhani imene Yale ilibe. Gulu la madokotala likafuna kusonkhanitsa zonse zimene zinalembedwapo pa nthenda imodzi kuti lione chimene umboni ukunena, woyang'anira laibulale amakhala m'gululo miyezi ingapo, akusefa nkhani masauzande.

Mu Okutobala masamba a mitengo amafiira n'kuyamba kuyoyoka. Mwezi umenewu malaibulale a zachipatala ku America konse amakumbukira ntchito ya antchito awo, ndipo ndi mwezi womwewonso umene mayunivesite padziko lonse amapatula sabata imodzi kukambirana zoti kafukufuku aziwerengedwa mwaulere. M'chipinda chozungulira chija zionetsero zimasinthana kangapo pachaka, zochokera m'nkhokwe ya nyumbayi: zithunzi zakale zimene Clements Fry, dokotala wa matenda a maganizo, anasiyira Yale, masikelo ndi miyeso ya ogulitsa mankhwala imene Edward Streeter anasonkhanitsa, mapepala okhoma pakhoma ochenjeza anthu za matenda. Wophunzira wothamangira kukawerenga amadutsa pomwepo, afune asafune, ndipo ena amaima.

Kenako chisanu. Mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti folo, chipale chofewa chimaunjikana m'mbali mwa msewu wa Cedar, ndipo laibulale imadzaza ndi anthu ovala majekete aakulu, maso ali psuu. Ophunzira udokotala amadwala maganizo kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo malaibulale a ku America anaphunzira kusamala zimenezi nthawi ya mayeso: pena tiyi ndi khofi, pena kangodya kopumulirako, pena galu. Mu 2011 laibulale ya zamalamulo ya Yale yomweyo inatchuka m'manyuzipepala polola ophunzira kukhala theka la ola ndi galu wophunzitsidwa kufatsa dzina lake Monty, ndipo mwambowu unafalikira m'malaibulale ambiri, a zachipatala omwe. Kwa ife amene galu ndi mlonda wa pakhomo izi zimadabwitsa, koma mwana amene ali kutali ndi kwawo, amene waona wodwala wake woyamba akumwalira sabata yomweyo, amafunika chamoyo choti achisisite osafunsidwa mafunso.

Kuchiyambi kwa chaka a m'kalasi yomaliza amakhala pa liwiro lomaliza kafukufuku wawo, ndipo makalata opita kwa woyang'anira uja amachuluka, ena olembedwa pakati pa usiku. Lachisanu lachitatu la Malichi, 12 koloko masana pa nthawi ya ku New Haven, ophunzira omaliza udokotala m'dziko lonselo amatsegula maenvulopu nthawi imodzi kuti adziwe chipatala chimene chawatenga kukapitiriza maphunziro. Mu Meyi amaonetsa kafukufuku wawo pa tsiku lopatulidwira zimenezo, kenako n'kulandira madigiri, ndipo zolemba zawo zimalowa m'nkhokwe ya pa intaneti ya laibulale. Mu Malichi 2020 kayendedwe konseka kanaduka pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa zitseko. Ntchito sinaime. Antchito ankayankha mafunso ali kunyumba zawo, pa nthawi imene madokotala a m'mawodi ankafuna kudziwa lero zimene zasindikizidwa dzulo.

Mliriwo unangoonetsa poyera zimene zinali zitachitika kale. Magazini ambiri a zachipatala sabweranso pa pepala. Mavoliyumu akale ochuluka anasamutsidwira kunyumba yosungira ku Hamden, ndipo pokonzanso nyumbayi mu 2019 malo ena a mashelefu anasanduka makalasi. Khomo lenileni la laibulale tsopano ndi dzina ndi mawu achinsinsi pa kompyuta, ndipo khomo limeneli ndi lokhoma kwambiri kuposa lathabwa. Wa ku Yale amadina n'kuwerenga, chifukwa yunivesite yake imalipira ndalama zankhaninkhani chaka ndi chaka. Wakunja akadina pa nkhani yomweyo amauzidwa kuti alipire madola 30 kapena 40. Zimapweteka kwambiri nkhaniyo ikakhala ya malungo kapena chifuwa chachikulu, yochokera pa odwala a mu Africa muno, koma dokotala amene akuwasamalira sangathe kuiwerenga.

Mbali ina ya khomali inagumulidwa. PubMed inakhala yaulere kwa aliyense mu 1997. Mu 2010 laibulale ya Cushing ndi Whitney inali m'gulu la oyambitsa Medical Heritage Library, limene linajambula mabuku akale a zachipatala masauzande n'kuwaika pa Internet Archive, moti amene ali ndi foni ndi bandulo akhoza kuwatsegula ali paliponse. Ndipo mu Januwale 2002 bungwe la WHO, mogwirizana ndi makampani asanu ndi limodzi osindikiza, linakhazikitsa HINARI, imene inatsegulira mayiko osauka magazini pafupifupi 1,500 poyambira. Malaibulale a Yale anali nawo pa chiyambi pomwe, kuthandiza kumanga njira ya pa kompyuta yolowera. Lero HINARI ili mkati mwa Research4Life, ndipo masukulu ndi zipatala za ku Malawi zili m'gulu lolowa mosalipira. Si magazini onse amene alimo, ndipo intaneti ikamavuta nkhani imodzi imatha mphindi zambiri isanatsike. Komabe wophunzira udokotala wa ku Blantyre, amene mawa m'mawa akuyenera kufotokoza za mwana wa chotupa cha m'nsagwada pamaso pa aphunzitsi ake, amapita pa tebulo la woyang'anira laibulale n'kupereka moni. Woyang'anirayo amang'amba kapepala, n'kulembapo dzina la sukulu ndi mawu achinsinsi. Mnyamatayo amalandira ndi manja awiri, amakapinda kanayi, n'kukaika m'thumba la malaya.